Mabuku Amene Ndinati Anadyedwa ndi Chiswe

Olemekezeka a wapampando wa msonkhano uno, Bambo Ruben Kamanga. Olemekezeka aphungu a ku Nyumba ya Malamulo amene mwatsika ndege m'mawa uno. Olemekezeka oimira mafumu athu a m'chigwa chino. Olemekezeka a Khansala Gideon Zimba pamodzi ndi makhansala anzanu. Abusa ndi akulu a mipingo. Akuluakulu oyang'anira nkhalango ndi nyama zakutchire. Inu a malo ogona alendo a ku Chinzombo ndi ku Nkwali. Aphunzitsi anzanga, amene mukugwirabe choko ndi amene tinapumula. Amayi ndi abambo. Ndi inu achinyamata a m'boma la Mambwe, eni ake a tsikuli: muli bwanji nonse?

Mwaona? Sindinanene kanthu, koma mphindi zitatu zapita kale. Ndi mmene tinaleredwera, ndipo posachedwapa ndikuuzani zimene ulemu woterewu unandichita.

Ndikuthokoza achinyamata amene mwakonza masiku awiri awa oti mukhale pansi ndi andale athu kukambirana za mvula, mitsinje ndi mitengo. Ndikuthokozanso andale amene mwalola kukhala pa mipando yolimbayo, m'kutentha kwa Okutobala kuno ku Mfuwe, kuti mufunsidwe mafunso ndi anthu amene ena a iwo ndi amsinkhu wa zidzukulu zanu. Kwa amene simundidziwa, ndine Edith Chulu. Ndinatsika kuchokera kumtunda, ku Chipata, mu 1996, kudzaphunzitsa pa sukulu ya Katondo m'mphepete mwa mtsinje wa Lupande, ndipo ndinapumula ndili mphunzitsi wamkulu pomwepo. Chikunda changa chimaseketsa ana mpaka lero, ndiye mundilole ndilankhule Chinyanja.

Mlendo wolemekezeka amayenera kunena kuti ndi wokondwa. Ndine wokondwa, inde, koma pang'ono chabe. Chimene chadzaza mtima wanga ndikamayang'ana ana awa atavala masikipa obiriwirawa ndi nsanje. Eya, nsanje yeniyeni, yosagonetsa ija. Sekani, sekani, abusa andikhululukira tikatuluka.

Mu Okutobala wa 1998, mtsinje utauma, ndinapeza mkuyu umene ana ankasewera pansi pake utagona mumchenga, mizu ili m'mwamba. Gombe linali litagumuka. Malemu amuna anga, a Onesmus, anandipotera chingwe cha mamita makumi awiri, ndi kumangamo mfundo pa mita iliyonse, ndipo tinayeza kuyambira pa ngodya ya kalasi ya giredi wani mpaka pamene nthaka yathera. Tinayala chingwecho kakhumi ndi kupitirira. Tinapeza mamita 212. Ndinalemba m'buku. Chaka chotsatira tinayezanso, ndipo kuyambira pamenepo sindinadumphepo Okutobala ndi mmodzi yemwe, ngakhale chaka chimene a Onesmus anatisiya, pamene ndinayamba kumangirira chingwe ku chitsulo cha pawindo. Ndinkalembanso tsiku limene mvula yayamba ndi pamene madzi osefukira afika. M'mabukumo ndi mmene ndinaonera kuti mvula yathu yasintha khalidwe: imachedwa kubwera mpaka chimanga choyamba kupsa, ndipo ikabwera imakhuthula ya mwezi wonse m'masiku atatu, pamene kumtunda kwathu mitengo inathera ku makala, ndiye madzi amatsika opanda chowaimitsa, n'kudzadya gombe lathu kuno.

Musaganize kuti ndinangokhala chete. Makalata ndinalemba, ndi dzanja labwino lauphunzitsi, ndipo sindikudziwa kuti anathera m'kabati ya ndani. Kenako mu 2009 mwayi unabwera. Wandale wina wamkulu, dzina ndisunga, anabwera kuno ku Mfuwe, ndipo ine anandipatsa mphindi khumi zoti ndimuuze za mtsinje. Nthawi imeneyo panali patatsala mamita 131. Ndinakonzeka sabata yathunthu. Makolo anasonkha mbuzi, yonenepa, yakuda. Ndinavala chitenje chatsopano. Nditafika ndinagwada monga mwambo ukunenera, ndi kuyamba kupereka moni, chifukwa kwathu kuno munthu suyamba ndi nkhani, umayamba ndi anthu. Ndinalonjera bwanayo, iye n'kuyankha. Ndinalonjera amene anakhala kumanja kwake, iye n'kuyankha. Ndinafunsa za ulendo, za kunyumba, za amayi ndi ana. Ndinathokoza boma chifukwa cha mjigo, chifukwa cha mabenchi, chifukwa cha mpira wa ana umene unali utaphulika kalekale. Ndinapereka mbuzi, anthu n'kuomba m'manja. Ndiye ndikuti nditsegule buku, mnyamata wa tayi amene ankayenda ndi bwanayo analoza wotchi yake n'kunena kuti, "Amayi, ndege."

Abale anga, mbuzi inakwera galimoto. Buku linatsala m'manja mwanga. Bwanayo anandigwira chanza n'kunena kuti sanaonepo mayi waulemu ngati ine m'chigawo chonse cha kummawa, ndipo ine, wopusa ine, ndinayankha kuti zikomo.

Tsopano tamvani za anzathu a masiku ano. Uyo wakhala kumapeto kwa tebuloyo, amene akuyang'ana pansiyo, ndi Misozi Njobvu, mtsogoleri wa achinyamatawa. Amachapa zovala za alendo ku Chinzombo. Ndinamuphunzitsa ine giredi faifi, ndipo masamu ogawa ankamuliza misozi yofanana ndi dzina lake. Mu Juni chaka chino, Misozi ndi anzake asanu anapeza a Khansala Zimba pamsika wa Mfuwe akupopetsa tayala. Analibe mbuzi, analibe chitenje chatsopano, sanagwade n'komwe. Anangoti, "Mwaswera bwanji a Khansala? Taonani ichi," n'kuwaonetsa pafoni chithunzi cha chimbudzi cha sukulu chitalendewera pagombe. Kenako anati, "Tiyeni mukaone nokha, si patali." A Khansala, ndikunama? Munapita. Ndi nsapato zanu zonyezimira zija munatsikira mumchenga. Sabata isanathe nkhani inali pawailesi, mwezi usanathe aphungu anali atayankha pafoni, ndipo lero taonani, akhala apa ndi zolembera m'manja.

Miyezi inayi! Ine zaka makumi awiri ndi mphambu zake. Tsiku limene ndinamva mawu a Misozi pawailesi ndinali kusenda mtedza pakhonde, ndipo ndinazimitsa wailesiyo mwamphamvu mpaka kabatani kanathyoka. Lamlungu abusa anapempherera "ana athu amene atitsegula maso pa za mtsinje." Mpingo wonse unati ameni. Ine mumtima ndinafunsa: Atsegula maso a ndani? Anga anali otseguka iwo asanabadwe! Pamsika amayi anzanga ankandiuza kuti, "Madamu, munyadire, ndi mwana wanu uja," ine n'kumamwetulira mano okha, mkati mukuwira. Ndinkachita nsanje ndi mafoni awo, ndi miyendo yawo yosatopa, ndi Chingerezi chawo chothyokathyoka chimene amalankhula mopanda manyazi. Koma koposa zonse ndinkachita nsanje kuti iwo amayang'ana munthu wamkulu m'maso n'kumufunsa kuti adzachita liti, pamene ine anandiphunzitsa kuyang'ana pansi.

Apa ndiye pamene nkhani yanga ikuipa, ndipo kumbuyoko mukhale chete mumve bwino. Akatswiri a zomangamanga atabwera kudzaona, anauza achinyamatawa kuti chithunzi chimaonetsa za lero zokha. Kuti gombe la Katondo lilowe m'ndondomeko ya ntchito za chaka chino, aikepo miyala yomangidwa m'mawaya ndi kubzala mitengo ndi udzu wogwira nthaka mvula isanayambe, pafunika umboni woonetsa liwiro limene mtsinje ukubwera nalo chaka ndi chaka. Malo ogumuka ndi ambiri m'boma lino, ndipo adzayamba ndi amene ali ndi umboni. Mapepala ayenera kulowa Lachisanu likubwerali. Akapanda kulowa, Katondo idikira chaka china.

Misozi anakumbukira chingwe chija, chifukwa ali mwana ankandiona ndikuyeza. Anabwera kunyumba kwanga mu Ogasiti. Kwa ine anagwada, ndisamunamizire. Anati, "Madamu, tikupempha mabuku anu aja."

Ndinamuyang'ana. Ndinaona kale m'maganizo mwanga manambala anga ali pafoni yake, akuwerengedwa pawailesi ndi mawu ake, anthu akuomba m'manja kwa iye. Ndinati, "Mwananga, pepa. Anadyedwa ndi chiswe."

Ine, Edith Chulu, amene ndakwapulapo ana chifukwa cha bodza la pensulo. Misozi anati, "Pepani Madamu, zimachitika." Anabweranso mu Seputembala kudzafunsa ngati panatsala ngakhale tsamba limodzi, ndipo ndinati chiswe cha kuno sichisiya kanthu. Tsiku limenelo anakhala pampando woyang'anana ndi kabati yanga, ndipo pamwamba pa kabatiyo panali jumbo yabuluu, ngodya za mabuku zikuonekera. Misozi, ndikudziwa kuti unaiona. Maso ako anakwera, n'kutsika. Ulendo wachitatu unabwera ndi kalata yondipempha kuti ndikhale mlendo wolemekezeka. Ndinakwiya usiku ndi usana, chifukwa ukanandinyoza ndikanapeza chifukwa chokumanira, koma iwe unandimana ngakhale chimenecho.

Ndinavomera kubwera ndili ndi cholinga chodzalankhula mawu okoma, kudya mpunga wanu, ndi kubwerera kwathu mabuku ali pakabati. Koma uno ndi Okutobala, ndipo chaka chino ndinali ndisanayeze. M'mawa uno galimoto yodzanditenga isanafike ndinatenga chingwe n'kupita kusukulu, nditavala kale zovala zimene mukuzionazi. Ndinamangirira pawindo la giredi wani monga mwa nthawi zonse, n'kuyamba kubwerera chambuyo ndikumasula. Chaka chatha ndinapeza mamita 27. Lero chidendene changa chinafika pamphepete chingwe chisanathe. Chingwe chimene tinkayala kakhumi chinatsala chopindika m'dzanja langa. Ndinawerenga mfundo, ndinawerenganso, ndikuganiza kuti maso akundinamiza. Khumi ndi imodzi. Ndipo m'kalasimo ana sikisite-fili anali kuimba a, e, i, o, u, mokweza, mosangalala, mphunzitsi wawo akumenya tebulo ndi rula. Mvula ya chaka chatha inadya mamita 16. Masamu amenewo ngakhale Misozi angawathe.

Ndinaima pamenepo ndi nsapato zanga zakutchalitchi, ndipo ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Kwa miyezi iwiri yathunthu sukuluyo sinali kudikira boma, sinali kudikira aphungu. Inali kudikira ine.

Misozi, imirira. Bwera kuno. Bwera, usaope, rula ndinasiya kalekale.

Iyi ndi jumbo ija. Muli mabuku anayi, kuyambira 1998 mpaka m'mawa uno, ndipo chiswe sichinalaweko ngakhale ngodya. Ndinakunamiza, mwananga, kawiri konse, ndipo ndikupepesa pamaso pa anthu onsewa, pakuti ndinalakwira iwe ndi ana a Katondo. Chingwe nachonso chili momwemo. Mawondo anga atopa ndi magombe. Iyayi, musaombe m'manja, chonde. Munthu sayamikiridwa chifukwa chobweza chimene anabisa. Ndipo musaganize kuti nsanje yatha. Sinathe. Mawa ndikamva manambala anga pawailesi m'mawu a mwana uyu, mtima udzandipweteka ndithu, ndipo mwina ndidzapita kuseri kwa nyumba kukalira pang'ono. Koma ndidzalira sukulu ili chiimire. Dzina langa ulitchule kapena usalitchule, zili kwa iwe. Lachisanu mapepala alowe.

Olemekezeka aphungu ndi makhansala, ana awa akakufunsani mafunso opanda malonje m'masiku awiriwa, musawayese amwano. Ulemu ali nawo, ndauona m'nyumba mwanga. Chimene alibe ndi nthawi, ndipo ifenso tilibe. Mukawayankha, musawauze kuti ndi atsogoleri a mawa, ndiponso musawauze kuti mwamva; muwauze tsiku limene miyala idzafike pagombe, ndi dzina la munthu amene adzaibweretse. Inu achinyamata, akakupatsani tsikulo mulilembe m'buku, osati pafoni pokha, chifukwa foni imagwera m'madzi. Ndipo mukapita m'midzi, fufuzani okalamba ena onga ine. Alipo amene akusunga zimene akudziwa pamwamba pa kabati, akudikira kuti wina awafunse kachitatu.

Ndi mawu amenewa, a wapampando, mwa ulemu umene achinyamata a Mambwe andipatsa ndisanauyenere, ndikulengeza kuti msonkhano uno wa achinyamata ndi atsogoleri andale, wokambirana za nyengo ndi chilengedwe, watsegulidwa. Yambani msanga. Mitambo yayamba kale kusonkhana kumtunda, ndipo pakati pa mtsinje ndi ana aja patsala mamita khumi ndi imodzi.

Zikomo kwambiri.