Chingwe Chimene Chinasowa Mwini Wake

Malemu amene atisonkhanitsa pano, mlongo wanga wamkulu, amene ambiri a inu munkangowatchula kuti Mayi Telala, anabadwa pa 9 Ogasiti 1951. Anali achiwiri kubadwa m'banja la ana asanu. Ine amene banja landituma kuwerenga mbiriyi ndine womaliza, ndipo tsopano ndatsala ndekha. Mukamva ndikuwanena pang'ono musadabwe, abale ndi anansi. Iwo anandinena kwa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, ine osapeza mpata woyankha.

Sukulu anayamba mu 1958, ndipo analekezera kalasi yachisanu mayi athu atadwala. Mu 1966 bambo anakawasiya kwa telala wina amene ankasokera pakhonde la sitolo kuti aphunzire ntchito. Patangotha miyezi itatu, anawerenga tepi yoyezera molakwika n'kudula buluku la kasitomala limene linathera m'mawondo. Telalayo anawakalipira pamaso pa anthu odutsa, ndipo kuyambira tsiku limenelo malemu anadana ndi tepi mpaka kumwalira. Anayamba kuyeza anthu ndi chingwe. Ankachiyika pamapewa n'kumanga mfundo, kenako pachifuwa mfundo ina, m'chiuno ina, pamkono ina, yomaliza ya kutalika. Munthu aliyense anali ndi chingwe chake, koma dzina sankalembapo. Mukawafunsa ankangoti, "Pepala limasochera, koma zala zangazi zimamudziwa munthu."

Pa 12 Disembala 1970 anamanga banja ndi malemu alamu anga, amene anali kalipentala, munthu wofatsa amene ankamva zambiri n'kuyankha zochepa. Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi, aakazi awiri ndi aamuna awiri. Mu 1979, atamanga nyumba imene tachokerayi, alamu anawapatsa kachipinda kakumbuyo kuti azisokeramo. Anawakhomera tebulo lalitali lodulirapo nsalu, mashelefu atatu, ndi mpando wofupika miyendo yakutsogolo kuti phazi lizifika bwino popalasa makina. Makinawo anali akalekale, ogula kwa munthu, koma amenewo ndiwo anaveka msewu wathu wonse.

Amene munalowamo m'chipindamo mukudziwa mmene munkaonekera. Kwa ife munkakhala ngati mwadutsa mphepo, koma kwa iwo chinthu chilichonse chinali pamalo pake. Akadula chovala, ankasonkhanitsa zidutswa zake zonse, kutsogolo, kumbuyo, mikono ndi kolala, n'kuikamo mabatani ndi ulusi wake, kenako n'kumanga mtolowo ndi chingwe cha mwini chovalacho. Mitolo imeneyi inkakhala mbwee m'mashelefu, pansi pa tebulo, ina pazenera. Sizasi yawo sinkakhudzidwa ndi munthu. Ine ndinadulirapo waya kamodzi mu 1983, ndipo nkhaniyo anali kuikumbutsabe chaka chathachi.

M'chipinda chimenechi munatuluka mayunifolomu a sukulu, madiresi aukwati ndi malaya a azibambo ambiri amene mwakhala apa. Koma chimene ankachikonda kwambiri chinali kusoka mphatso. Khanda likabadwa mumsewu mwathu, linkalandira kabulangete kolumikiza tizidutswa totsala. Mtsikana akakwatiwa ankapita ndi epuloni ndi nsalu ya patebulo. Mwana akakhoza mayeso ankalandira chikwama cha mabuku, ndipo akalephera ankalandirabe, pamodzi ndi mawu amene sankawaiwala msanga.

Tsopano ndifike pa nkhani imene banja landipempha kuti ndisaibise. Ikukhudza mwana wawo woyamba, wamkazi. Mundilole ndimutchule Chisamba monga ndinazolowera, poti ndinamubereka kumsana ali khanda. Mu 1994 Chisamba anayamba ntchito ya ukalaliki, yosunga mafayilo mu ofesi. Sabata yoyambayo anauza mayi ake kuti zosoka kunyumba sizivalidwa ku ofesi, azigula za m'sitolo. Anali mwana, sanadziwe kuti mawuwo alasa pati. Kuyambira pamenepo malemu sanamusokerenso ngakhale mpango. Ankakondana ndithu, ankayenderana, ankaseka limodzi, koma nkhani ya nsalu inali yosakambidwa pakati pawo.

Alamu anatisiya mu 2008. Mu 2015 malemu analeka kusokera makasitomala, n'kutsala ndi mphatso zokha. Mu Seputembala 2022 anayamba kudandaula kuti thupi likuwalemera, ndipo anatsekeka m'chipinda muja masabata angapo akudula nsalu. Anandiuza kuti akufuna tonse a pabanja tivale za m'manja mwawo kamodzinso, manjawo asanakane. Anadula zovala khumi ndi ziwiri, chilichonse mu mtolo wake. Asanasoke ngakhale chimodzi, pa 3 Novembala 2022 anagwa pakhomo. Madokotala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafooka, maso anayamba kuona mwachimbuuzi, ndipo anagona m'chipatala masabata asanu.

Chisamba anafuna kuti mayi ake akatuluka apeze chinthu chowasangalatsa. Anatenga tchuthi, n'kulowa m'chipinda chosokera ndi luso lake la ku ofesi. Anapaka penti, anagula mabokosi apulasitiki, kenako anamasula mitolo yonse. Nsalu zofiira anaziika pazokha, zabuluu pazokha, mikono m'bokosi la mikono, makolala m'bokosi la makolala, mabatani m'mabotolo, chilichonse ndi kapepala kake kolembedwa bwino. Zingwe zija anaziona ngati zomangira wamba. Anazichapa, n'kuzipachika zonse pamsomali umodzi. Ine ndinathandiza kunyamula mabokosiwo, ndinayamikiranso kuti mwakongola, choncho mlanduwu ndili nawo gawo.

Tsiku limene malemu anatuluka m'chipatala tinawagwira mkono n'kuwalowetsa m'chipindamo, tonse tikumwetulira. Anapapasa shelefu yoyamba ndi dzanja lamanzere, anapapasa yachiwiri, anafika pamsomali paja n'kugwira zingwe zonse pamodzi. Kenako anauza mwana wawo kuti, "Zikomo, mwagwira ntchito," ngati akulankhula ndi mlendo. Anatuluka, ndipo kwa miyezi inayi sanapondemonso. Chakudya ankangochilawa. Chisamba akabwera ankalandira moni basi. Madokotala anali atatichenjeza kuti sitiroko ina ikhoza kubwera tsiku lililonse, ndipo mantha athu sanali imfa ayi, chifukwa imeneyo tonse tikuidikira. Tinkaopa kuti apita ali ndi chakukhosi ndi mwana wawo, mwanayo n'kutsala nacho moyo wake wonse. Ine ndinayesa kuwalankhula kawiri, anandiuza kuti ndikaone ngati kunja kukugwa mvula.

Mu Epulo 2023 Chisamba anatopa ndi kupepesa kwa pakamwa. Ananyamula bokosi la mikono, analowa nalo kuchipinda kwa mayi ake, n'kulikhuthulira pabedi. Anawauza kuti iye sakudziwa mkono uti ndi wa chovala chiti, ndipo sachoka mpaka amuuze. Malemu anayang'ana kukhoma, koma dzanja lawo lamanzere linayamba lokha kupapasa nsalu. Pasanathe ola tinamva mawu akukalipa kuchipindako, akuti mkono wa malaya a mwamuna sungalowe pa diresi la mwana, kodi sukulu yonse ija anaphunzira chiyani. Ife pabalaza tinayang'anana n'kupumira m'mwamba. Sitinasangalalepo ndi kukalipa kwa munthu ngati tsiku limenelo.

Ntchito inayambira pamenepo. Chisamba anatenga zingwe zija n'kumayenda nazo khomo ndi khomo, kuyeza abale ake, adzukulu, ndi ine ndemwe, kuti apeze chingwe chilichonse mwini wake. Akachipeza, malemu ankasankha zidutswa zake ndi zala. Mabokosi aja anatulutsidwa, mitolo inabwerera m'mashelefu, chipinda chinayambanso kuoneka chosalongosoka, ndipo malemu anayambanso kudya. Chisamba anaphunzira kupalasa makina ali ndi zaka makumi asanu kudza chimodzi, Loweruka lililonse, mayi ake atakhala pambali akumvetsera kulira kwa makinawo. Msoko ukakhota ankaumva ndi khutu asanaugwire. Masingano amene anathyoka sitinawawerenge, ndipo malaya ndavalawa anasomoledwa katatu. Adzukulu anali atakula, koma agogo awo anali atasiya kale malo okulira m'mipendero.

Pofika Januwale 2024 zovala khumi ndi chimodzi zinali zitatha. Panatsala mtolo umodzi wa nsalu yobiriwira ndi chingwe chimodzi chimene chinakana aliyense. Chisamba anayeza azipongozi, anayeza anansi, anayeza amayi a kwaya, anayeza ngakhale namwino amene ankabwera kudzawaona. Akafunsa mayi ake, ankangoti, "Funafunabe, mwini wake alipo." Anamusiya akuzungulira nacho masabata asanu ndi limodzi, chifukwa mlongo wangayu makani anali nawo, tisanamizane pamaliro. Pamenepo n'kuti thupi lawo likutsika tsiku ndi tsiku, ndipo mantha aja anayamba kutibwerera.

M'mawa wa pa 2 Malichi malemu anamuitana Chisamba kuti aime pafupi ndi bedi, awerame. Anatenga chingwe chija n'kuchiyala pamapewa pake, mfundo n'kugwera pamalo pake penipeni. Anayeza m'chiuno, chimodzimodzi. Chisamba anali atayeza anthu oposa makumi atatu, koma sanaganizepo zodziyeza yekha, poti ankadziwa kuti mayi ake samusokera. Malemu anatiululira tsiku limenelo kuti kuyambira 1994, chaka chilichonse mwana wawoyo akabwera kudzacheza n'kuchapa zovala, iwo ankazemba n'kukayeza diresi lake pachingwe choyanikira, n'kumanga mfundo zatsopano. Nsalu ankaopa kudula, kuopa kukanidwa kachiwiri. Anadzalimba mtima mu Seputembala muja, ndipo mtolo woyamba kudulidwa unali umenewo. Zimene analankhulana awiriwo pambuyo pake ife sitinazimve, chifukwa tinatuluka n'kutseka chitseko.

Chisamba analumikiza diresilo pamakina, koma mpendero malemu anakana kuti wina augwire. Anaupinda okha ndi singano yapamanja, ndi dzanja lamanzere, osaona, pang'onopang'ono kwa masiku asanu ndi anayi. Anamaliza pa 13 Malichi. Anamuuza kuti avale, anamupapasa kuyambira pamapewa mpaka m'mawondo, n'kunena kuti, "Tsopano ndatha." Pa 16 Malichi 2024, dzuwa litangotuluka, atamwa tiyi wawo, anatisiya mwakachetechete mutu uli pamiyendo pa mwana wawoyo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri.

Malemu asiya ana anayi, adzukulu asanu ndi awiri, ndi ine mlongo wawo. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, abusa ndi mpingo wonse, anansi amene munkabwera kudzawatembenuza ndi kuwasambitsa, akuluakulu a ku ofesi amene munkamupatsa Chisamba masiku osamuwerengera, ndi amayi nonse amene munalola kuyezedwa ndi chingwe osafunsa chifukwa chake. Tikulira, inde, koma mitima yathu ili m'malo, chifukwa chimene tinkachiopa sichinachitike.

Tonse khumi ndi awiri tavala zimene anatidulira. Diresi lobiriwira limene wavala Chisamba kutsogoloku mpendero wake ndi wokhota, mbali ina yatsika kuposa inzake. Atelala amene muli pano ndakuonani mukuliyang'ana. Chonde musadzipereke kuti mulikonze, mwini wake wati Lolemba alowa nalo mu ofesi momwemo.

Pitani bwino, mlongo wanga, ntchito mwaimaliza. Mzimu wanu uuse mumtendere.