Mngelezi Wotsegula Zitseko

Pa siteshoni ya sitima za Metro ku Takoma Park, kutsidya kwa nyanja, m'mawa wina wozizira mu 1984, bambo ena achikulire anapinda nyuzipepala n'kuvula chipewa. Mtsikana amene anaima pambali pawo atamva akuti "Kalanga ine!" anatembenuka.

"Pepani bambo, ndamva Chichewa. Kwagwanji?"

"Maliro, mwana wanga. Mngelezi ali pachithunziyu, wosewera m'mafilimu."

"Mumadziwana?"

"Nkhope yokha. Ndinayamba kumuona ku kanema ku Limbe ndili mnyamata. Lero ndi wantchito wotsegula chitseko, mawa wapolisi, mkuja dokotala wofika wodwala atatsirizika kale. Timawu tiwiri titatu, basi watuluka."

"Ndiye sanali wotchuka."

"Akuti wakalambira pa zisudzo ku London, koma dzina lake ndalidziwa lero, atamwalira. Analibe mkazi, analibe mwana. Nanga pasiwa pake akagona ndani?"

"Azungu sagona pamaliro, bambo."

"N'chifukwa chake ndamuvulira chipewa."

"Koma mpaka misozi, munthu wosamudziwa?"

"Ine ndimayendetsa galimoto ku ofesi ya kazembe. Ndimatsegula chitseko, akuluakulu n'kutsika, ojambula n'kujambula. Mkazi wanga kumudzi amasunga zithunzizo, koma ine ndimaonekapo mkono wokha."

"Sitima ija ikubwera. Kodi bambo, dzina lanu ndani?"

"Ludoviko. Ackim Ludoviko."

"A Ludoviko, valani chipewa, kukuzizira. Zitseko izi zimatseguka zokha. Tsogolani ndinu."