Kukoleji Sanenerera Ngati Pamsika wa Mbuzi

Abusa, akulu ampingo, abale ndi alongo, moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, ngakhale pakamwa panga panazolowera mitengo ya mbuzi.

Mumandidziwa. Pa Nsaru, mwini mbuzi akakakamira mtengo, ine ndimatembenuka n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono. Sindifika patali. "Bwerani achimwene, tikambirane." Moyo wanga wonse anthu amandiitana choncho.

Mwana wanga Esinati ankafuna ntchito ya kubanki, kumene amabwereketsa ndalama zogulira nyumba. Akuti pamafunika dipuloma ya zowerengera ndalama, kenako kukaphunzira ntchito kubanki komweko: kuona ngati munthu angathe kubweza, kuona ngati nyumba yachikoleyo ili ndi mapepala. Koma masamu a Fomu 4 sanakhoze bwino. Ine ndinati, musadandaule, ndikalankhula nawo akukolejiwo. Ndinavala jekete, ulendo kukoleji m'tauni.

"Bwana, tsitsani pang'ono. Chingerezi wakhoza kwambiri, tapaniko pamenepo muwonjezere kumasamuko."

"Bambo, popanda masamu sitilemba mwana."

Ndinatembenuka, abale, pang'onopang'ono. Pakhomo. Pageti. Ndinakafika pamsewu khutu lili m'mbuyo. Sekani, palibe mlandu.

Esinati anabwereza Fomu 4. Amake ndiwo ankamulipirira, ndi mandasi a pa Msundwe. Anakhoza, analowa koleji. Ali chaka chachiwiri, amake anadwala. Ndinanenerera ndi Mulungu: tengani mbuzi, tengani dimba, mayiwa ndisiyireni aone mwana wawo atamaliza. Tinawaika m'manda nthawi yokolola.

Apo ndinatembenukanso. Ndinachoka m'tchalitchi muno pang'onopang'ono, khutu m'mbuyo. Sindinalire. Sindinakwiye. Ndinkangodya, kugona, kugula mbuzi pa mtengo uliwonse umene mwini wanena. Ine, eti.

Esinati anamaliza koleji. Lachitatu lapitali, foni.

"Ababa, andilemba ntchito. Lamulungu ndikubwera kudzathokoza. Mundiperekeze, amayi akanandiperekeza."

"Mwana wanga, ine za kutchalitchi..."

"Sitikunenerera, ababa."

Ndi uyo wakhala kumbuyoko. Esinati, taimirira akuone.

Sindikunamizani, mtima wanga sunadzuke. Uli ngati mwendo wochita dzanzi, ndimautsina osamva kanthu. Koma ndaitanidwa, ndabwerera. Zikomo Ambuye, zikomo Abusa. Tsono inu amene mitima yanu ikugwira ntchito, makamaka amayi mbali iyi, ndibwerekeni nthungululu. Yambani kusangalala, ine ndikupezani.