Kalata imene ndinatumiza yosachapa

Moni nonse m'dzina la Ambuye wathu. Abusa, akuluampingo, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata. Mano anatha m'kamwamu, ndiye mundipirire, ndilankhula pang'onopang'ono.

Dzina langa ndine Laisoni. Achikulire a kuno ku Chitakale amandidziwa kuti a Chonde. Dzinali linabwera chifukwa cha ntchito yanga. Ine ndinkalembera anthu makalata opempha ndalama za kafukufuku ku boma. Aphunzitsi a kuyunivesite akafuna kufufuza matenda a nthochi, ankabwera kwa ine. A mishoni akafuna kufufuza madzi a m'zitsime, kwa ine. Iwo nzeru anali nazo, koma kupempha sankadziwa. Ine ndinali ndi taipi yanga, ndi Chingerezi chimene ndinatola ndili kalaliki pa esiteti ya tiyi. Ndinkadzimva, abale anga. Taye ndinkavala ngakhale popita kuchigayo.

Achinyamata, mvetsetsani apa. Inali nthawi ya chipani chimodzi. Kuti boma likupatse ndalama, unkayenera kufotokoza vuto. Koma ukanena kuti kuli vuto, ndiye kuti wanyoza boma. Luso langa linali pamenepo. Ndinkataipa kawiri. Koyamba ndinkalemba zoona zake, monga wandiuzira mwini nkhani. Kenaka ndinkachapa. Ndimo ndinkatchulira, kuchapa. Pamene pali mawu akuti anthu akuvutika, ine ndinkaikapo kuti anthu akufunitsitsa chitukuko. Pepala losachapa lija ndinkaliponya pamoto.

Tsiku lina kunabwera Mayi Chikopa, namwino wamkulu pa kachipatala ka mishoni ka ku Thuchila. Mayi wamfupi, wosadziwa kunyengerera munthu. Anakhala pansi n'kunena kuti, "A Chonde, ana a m'makomboni akutupa miyendo. Tsitsi likufiira. Amayi awo amalawirira kukathyola tiyi, ana amaswera makaka a chinangwa basi. Ndikufuna tifufuze zimene akudya ndi zimene tingawonjezere. Koma vuto lake ndi njala, tisanamizane."

Ndinati, "Mayi, mawu amenewo salembedwa."

Iwo anati, "Inu ndiye katswiri. Lembani mmene mudziwira, ine ndisaina."

Ndinataipa kawiri monga mwa masiku onse. Tsiku lotumiza ndinachedwa. Galimoto ya makalata inali pafupi kunyamuka. Mayi Chikopa anasaina tsamba lomaliza osawerenga n'komwe, poti ankandikhulupirira. Ine ndinasonkhanitsa mapepala mothamanga, mu envulopu, ku positi. Nditabwerera kunyumba ndinatenga pepala loti ndiotche. Kuliyang'ana, linali lochapa lija. Losachapa linali litapita ku likulu.

Ndikanatha kuthamangira ku Thuchila kukawachenjeza mayi aja. Sindinapite. Ndinangoti mwina sawerenga.

Anawerenga. Patapita milungu ingapo anandiitanitsa ku boma. Ndinapeza amuna atatu osawadziwa, kalata yanga ili patebulo. Mawu oti njala anali atawazunguliza ndi inki yofiira.

Mmodzi anafunsa, "Bambo, m'dziko muno muli njala?"

Ndinati, "Ayi bwana, mulibe."

"Nanga izi walemba ndani?"

Ndinaganiza za ana anga. Ndinaganiza za anthu amene anatengedwa osabwereranso. Ndipo ndinati, "Ine ndimangotaipa, bwana. Mawu ndi a amene asainawo."

Anandipatsa pepala kuti ndilembe zimenezo. Ndinalemba. Ndinalemba bwino, abale, m'Chingerezi chosalala. Ine ndinabwerera kwathu tsiku lomwelo. Mayi Chikopa anawatenga mawa lake, ali pakati pa kuyeza ana pasikelo.

Palibe anandimanga ine. Koma ndikukuuzani, kuli ndende ina yopanda mlonda. Ndikakhala pataipi, zala zinkakana. Anthu a kuyunivesite anasiya kubwera, poti nkhani inamveka kuti kalata ya a Chonde yamangitsa munthu. Ndinayamba kachasu. Ine, wa taye uja, ndinkagona m'ngalande dzuwa likuswa mtengo. Kutchalitchi ndinasiya. Mgonero ndikanaulandira ndi dzanja liti? Dzanja lomwe lija?

Mkazi wanga, mayi a Joyisi, Mulungu awadalitse. Anagwira nyumba ndi geni ya nanazi. Sanandithawe, koma sanandinyengererenso. Tsiku lina anandiuza kuti, "Bambo a Joyisi, ine ndinakwatiwa ndi munthu wamantha, chabwino, ndavomera. Koma wamantha ndi woledzera pamodzi, ayi, katunduyo wandikulira. Sankhanipo chimodzi."

Ndinayesa. Ndinayamba kukhala pakhonde la sitolo ina ku Nkando, kulembera makalata amayi amene amuna awo anali ku Joni. Ndalama yake inali ya mchere chabe. Mowa ndinkasiya sabata imodzi, inayo ndabwerera. Zaka zinapita choncho. Ndinamva kuti mayi aja anatuluka, ntchito inatha, akukhala kwa achemwali awo. Ndikaona mayi wamfupi akubwera mumsewu, ndinkabisala kuseri kwa matumba a nandolo.

Tsiku lina la msika ndinaweramira pepala, ndipo ndinaona mapazi aima patsogolo panga. Kudzutsa mutu, Mayi Chikopa. Ataonda, imvi mbuu. Pothawira panalibe.

Anati, "A Chonde, taipi ija ikadalipo?"

Ndinagwada pomwepo, pa fumbi, anthu akuona. Ndinati, "Mayi, ndine ndinakuperekani. Ndinasokoneza mapepala ndine, ndipo ndinakunamizirani."

Iwo anati, "Ndikudziwa. Anandiwerengera chikalata chanu chondineneza chija ndili m'kati muja. Dzina anabisa, koma Chingerezi chotere m'Mulanje muno alipo wina? Dzukani, mukuchititsa manyazi. Ndinakukwiyirani kwambiri, a Chonde. Ndinkapemphera kuti ndisadzakuoneninso. Koma a mishoni andibwezera pantchito, ndipo ndapeza ana aja akutupabe. Ana sangadikire kuti mkwiyo wanga uthe. Wina wodziwa kulemba ndilibe."

Abale ndi alongo, ine ndinkayembekeza mbama. Mulungu ananditumizira ntchito. Ndinalira ngati mwana pakati pa msika.

Ndinapukuta fumbi pataipi. Chipani chinali chikadali chimodzi, mantha analipobe. Ndinagwada kaye kupemphera, koyamba patapita zaka, n'kunena kuti, Ambuye, kunama sindikufuna, kumangitsanso munthu sindikufuna, ndiphunzitseni kulemba. Ndipo ulendo uno ndinataipa kamodzi kokha. Mawu oti njala sindinawalembe. Bodza la chitukuko sindinalembenso. Ndinangolemba zimene mwana wa m'komboni amadya kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndi mmene amalemerera pasikelo ya mayi aja. Wowerenga adziuze yekha dzina la vutolo. Pomaliza ndinachita chimene olembera anzawo sachita. Ndinalemba kuti wokonza kalatayi ndine, ndipo ndinasaina pamwamba pa dzina lawo. Ndinati akabwera, ayambire pa ine.

Mayi Chikopa anawerenga tsamba lililonse, kawiri, ine nditaima. Sindinawadandaule.

Tinadikira. Galimoto ikaima pamsewu, ndinkasuzumira pawindo. Mayi a Joyisi anandikonzeratu kathumba ka zovala, kali pafupi ndi chitseko. Koma palibe anabwera. M'malo mwake kunabwera yankho, kuti boma lavomera. Ndalama zake sizinali zambiri, koma zinakwana kuti kafukufuku ayambe. Anayesa phala losakaniza ndi nsinjiro ndi nyemba, zinthu zolimidwa konkuno. Si ana onse anapulumuka, ndisakunamizeni. Ena anamwalira m'zaka zimene mayi aja anali m'ndende ndiponso pakhomo, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero. Koma ena a iwo ndi azibambo ndi azimayi, ndimakumana nawo pamsika.

Mowa ndinasiya chaka chomwecho. Ndinabwerera ku Mgonero. Ndinalemberanso anthu ambiri, mpaka maso anayamba kufooka. Lero ndimalima nanazi ndi nandolo pang'ono. Achinyamata a makompyuta amabwera kudzandifunsa kalembedwe ka makalata opempha thandizo. Ndimawauza kuti envulopu isamatidwe mwini siginecha asanawerenge. Amaseka, amayesa ndi zaukalamba.

Mayi Chikopa ali moyo. Maso awo anafa, ndiye Loweruka lililonse ndimakwera minibasi kupita ku Thuchila kukawawerengera Baibulo, ndi magalasi angawa. Amandikalipirabe. Sabata yathayi ndinaima pakati pa salimo n'kuwafunsa kuti, "Mayi, koma munandikhululukiradi?"

Anati, "A Chonde, mwandifunsa funso limeneli kangati? Mulungunso mumamuvutitsa chonchi? Zinatha kalekale zimenezo. Werengani, mwalumpha vesi."

Ndinawerenga, abale anga, misozi ikugwera pa tsamba.

Ndikuthokoza Ambuye amene sananditaye. Ndikuthokoza mayi a Joyisi, ali apowo, akundiyang'ana kuti ndatalikitsa. Ngati alipo wina pano amene anapereka mnzake ndipo akubisalabe kuseri kwa matumba, asadikire kuti amupeze ngati ine. Apite yekha, mnzakeyo akadali moyo.

Mulungu akudalitseni nonse. Ameni.