A Magalamu Akupuma, Nkhani ya Sopo Ikutuluka

Bwana mkulu wa kampani, akonzi anzanga, mayi akunyumba ndi ana, atolankhani nonse, ndakulonjerani.

Ine ndine wachiwiri kwa bambo tikutsanzikana nawowa pa desiki ya zachuma. Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso. Kuno ndi a Magalamu, chifukwa cha sikelo ija imakhala patebulo pawo. Sungadutse ndi buledi osawamva akuti, "Tabwera naye kuno timuyeze!"

Pamene ankayamba, nkhani zachuma zinali kachidutswa pansi pa zotsatira za mpira. Ankalemba okha. Mwezi woyamba womwewo anaipalamula. Kutalengezedwa kuti liwiro la kukwera kwa mitengo lachepa, iwo analemba kuti zinthu zatsika mtengo. Apongozi awo ulendo ku golosale, nyuzipepala ili m'manja, kukakangana ndi wogulitsa mpaka anthu kudzadza pakhomo. Mayi, ndikunama? Akuti mwezi wathunthu apongozi sankayankha moni.

Manyazi amenewo ndiwo anatipindulira tonse. Bambowa anayamba kusonkhanitsa atolankhani a nyumba zosiyanasiyana Loweruka lililonse, kuti tiphunzire kuwerenga malipoti a makampani tisanachititsenso manyazi apongozi a wina. Tinali asanu. Lero ndi bungwe la anthu oposa zana, lili ndi loya wakewake. Mtolankhani akaopsezedwa ali ndi kothawira. Pano pokha desiki ili ndi anthu asanu ndi awiri komanso masamba anayi.

Envelopu ya chiphuphu sanalandirepo. Ngakhale ambulera! Tsiku lina ndinakumana nawo pamsewu atanyowa ngati nkhuku, ambulera ya banki ili m'khwapa yosatambasula, akukaibweza.

Mwaseka, zikomo. Tsopano mundilole.

Masabata atatu apitawa, a Magalamu anayeza sopo wa kampani ija imatsatsa malonda patsamba lathu loyamba. Pachikuto panalembedwa magalamu mazana awiri ndi makumi asanu. Sikelo ikuti mazana awiri basi. Anagula sopoyo m'masitolo khumi ndi awiri, anapita naye kwa oyeza ovomerezeka, anafunsa kampaniyo kawiri koma osayankhidwa. Loya wa bungwe anaiwerenga nkhaniyo, anati mulibe bodza. Koma nkhaniyo inangogonekedwa m'dirowa.

Lolemba, bwana, munandiitana mu ofesi mwanu, munatseka chitseko. Munati, "Mayi, mkuluyu Lachisanu akupita. Mpando ndi wanu, kalata ndi iyi. Za sopo ziiwalike, tonse timadyera pomwepo." Ndinachita mantha, ndipo mpaka pano ndili nawo. Ndili ndi ana atatu, ndikuwalera ndekha.

A Magalamu sanandipemphe kanthu. Dzulo akulongedza mabuku awo m'katoni anangoti, "Mwanawe, usadziphe chifukwa cha ine. Ine zanga ndatha." Mawu amenewo anandipweteka kuposa a bwana. Munthu waphunzitsa anthu zana kusaopa, ndiye atuluke pakhomo lino nkhani yake yomaliza itakwiriridwa ndi ine amene anandiphunzitsa kugwira cholembera?

Bambo, izi simukuzidziwa. Lero, poti inu munali kokonzekera phwando, masamba azachuma ndasainira ine. Makina osindikizira anayamba kuzungulira 2 koloko. Magalimoto a nyuzipepala anyamuka pamene timadula keke. Nkhani ya sopo ili pamwamba, dzina lanu lilipo, langa lili pansi pake. Anzanga a pa desiki asazunzike, sindinawauze.

Bwana, walira mvula walira matope, ndikudziwa. Lolemba 8 koloko mundipeza pa desiki. Mukafuna makiyi ndikupatsani mwaulemu. Sindikunyozani. Nyuzipepala ndi yanu, koma mayi amene amagula sopo uja ndi amenenso amagula nyuzipepalayi.

A Magalamu, zaka makumi atatu ndi ziwiri si masewera. Tikuthokoza kuchokera pansi pa mtima. Musalire, mundiliritsa. Pitani mukapume, muzigona mpaka dzuwa litakwera, musewere ndi zidzukulu. Mayi, tabweza mwamuna wanu ali wamphumphu, mutisungire.

Tiyeni tonse tiimirire, tiwaombere m'manja bambowa. Mwamphamvu!

Bwana, manja anu akadali m'thumba. Tikudikirani.