Nkhama za Dzungu

Pa siteji ya basi, mtsikana wina anakhala payekha, akupindapinda lamba wa galu. Mayi wina anamuyang'anitsitsa, kenako n'kusendera pafupi.

"Pepani asisi, si inu mumaphunzitsa za agalu pa foni? Munati nkhama za galu zikayera, ndiye kuti nkhupakupa zamumaliza magazi. Wanga ndinathamangira naye kwa dokotala, anachira."

"Ndine ndemwe, mayi. Muzimusamala."

"Nanga Dzungu, galu mumationetsa uja, ali bwanji? Ana anga amamukonda."

"Ndinamukwirira dzulo."

"Pepani. Chamutenga n'chiyani?"

"Nkhupakupa zomwezo."

"Inuyo simunaone?"

"Zaka zitatu ndakhala ndikumutukula mlomo m'mawa uliwonse kuti anthu aphunzire. Nkhama munkaziona ndinu, mayi. Ine maso anali pa ndemanga zanu."