A Mbaliwali Ali Moyo

Omvera athu, yakwana nthawi ya zilengezo, ndipo za lero tcherani khutu bwino.

Mkazi wa bambo wowotcherera zitsulo, amene ambiri mumawadziwa kuti a Mbaliwali, akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti mapemphero otsanzikana ndi amuna awo, omwe amayenera kuchitika Lamlungu m'holo ya kuseri kwa msika, sachitikanso. A Mbaliwali, amene anagwidwa ndi zigawenga chaka chatha pa sitima yapamadzi yomwe ankagwirapo ntchito kunja, ali moyo. Mayiwa akuti dzulo masana akusita zovala, pakhomo panafika mkulu wina wa ku unduna woona za kunja. Mkuluyo anati, "Mayi, khalani pansi kaye." Iwo anayankha kuti, "Ngati ndi maliro, nenani ndili chiimire." Iye anangowapatsa foni, ndipo mufonimo munamveka mawu osasa akuti, "Akazanga, ndine. Mwadya koma?" Malaya amene ankasitawo anapsa mpaka kuboola, koma akuti sakudandaula nawo ngakhale pang'ono. Chilengezochi chachokera kwa mkazi wa a Mbaliwali.

Unduna woona za kunja ukudziwitsa mabanja a nzika zathu zimene zinali pa sitima ija kuti zokambirana zayenda bwino, ndipo onse amasulidwa kupatula mmodzi, wophika wa m'sitimamo. Omasulidwawo ali ku ofesi ya kazembe wathu komwe madokotala akuwaona, ndipo ndege yawo itera Loweruka m'mawa. Basi yonyamula abale idzanyamukira pageti la undunawu. Kwa banja la wophika, kazembe akuti sabwerera kumudzi mpaka munthu wanu atatuluka. Chilengezochi chachokera ku unduna woona za kunja.

Malume awo a a Mbaliwali akudziwitsa achimwene, alamu ndi asuweni onse amene anatenga katundu m'shopu ya a Mbaliwali ponena kuti akukasunga, kuti mwini wake akubwera. Makina owotcherera, makwerero, njinga ndi nsapato za kuntchito zija zibwerere pamalo pake lisanafike Lachisanu. Amene akuchita manyazi angosiya pakhonde, palibe awafunse. Jekete yachikopa ija akuti abweza okha malumewo, poti inkawathinanso m'khwapa. Chilengezochi chachokera kwa malume aakulu a banjali.

Chomalizachi changotipeza kumene pafoni. A Mbaliwali akuthokoza kazembe ndi antchito ake onse, makamaka mayi womasulira amene ankapita yekha kukaonana ndi zigawengazo, osabwerera m'mbuyo ngakhale pamene zinamulozetsa mfuti. Akudziwitsanso mkazi wa wophika kuti amuna awo anawasiya ali bwino, mwendo umene anavulala unapola, ndipo pomwe amasiyana wophikayo anati, "Kawauzeni asagulitse nkhuku zanga, ndikubwera."

Kwa akazi awo, a Mbaliwali akuti aonda kwambiri ndipo ndevu zachita kufika pachifuwa, choncho asadzawadutse pabwalo la ndege. Akupemphanso kuti mwana wamkazi amene anabadwa iwo ali m'manja mwa zigawenga adzabwere naye, ndipo chifukwa anthu adzachuluka, adzamukweze m'mwamba, pamwamba pa mitu yonse, kuti akangotuluka pakhomo paja ayambe kuona iyeyo.

Chilengezochi chachokera kwa bambo ake a mwanayo.